Kugonera bomba kuti anzako apulumuke: ndi kulimba mtima kapena kudzipha?

Funso: Mwana wa achemwali anga amene ali ku America analowa usilikali wa ma Marines ndipo wangomaliza kumene tireningi. Tikamacheza pa WhatsApp sakusiya kukamba za mnyamata wina dzina lake Jason Dunham amene akuti anagonera bomba ku Iraq kuti apulumutse anzake. Ine monga malume ake zikundidetsa nkhawa. Kodi zimenezi si kudzipha? Komanso paja nkhondo ya ku Iraq ija inayambira pa bodza, nde ulemu wonsewu ndi wa chani, si kungopusitsa ana kuti azikafa?

Yankho:

Bambo, nkhawa yanuyo ndiyomveka ndipo ine sindikuuzani kuti muichotse ayi, mwana wa mlongo wanu wavala yunifomu ya gulu lomwe limapita kutsogolo kwenikweni kukakhala nkhondo, malume aliyense mtima ungakhale m'mwamba. Koma mwafunsa zinthu ziwiri zosiyana, china ndikugwirizana nanu kwambiri, chinacho ayi, nde ndiloleni ndiyambe ndi zomwe zinachitikazo kaye poti ambiri amangomva kuti anagonera bomba basi osadziwa kuti zinayenda bwanji.

Chifukwa chomwe mnyamata wanuyo sakusiya kumutchula Dunham nchosavuta. Aliyense wolowa ngati msilikali wamba ku ma Marines amadutsa mu tireningi ya masabata 13, kaya ku Parris Island ku South Carolina kaya ku San Diego ku California, ndipo chakumapeto kwake kuli mayeso amene amawatcha Crucible, maola 54 akuyenda mtunda wautali atasenza katundu, chakudya chochepa, tulo tochepa, panjira nkumaima malo osiyanasiyana pomwe pali ntchito yoti agwire monga gulu. Malo ambiri mwa amenewa anawapatsa maina a ma Marine amene anachita zazikulu pankhondo, ndipo mphunzitsi amawawerengera nkhani ya mwini dzinalo pomwepo. Dzina la Dunham lilipo pa malo amenewa. Nde nkhaniyi anaimva ali wotopa, wanjala, anzake omwe wavutika nawo miyezi itatu ali pambali pake, ndipo yomva nthawi ngati imeneyo siichoka m'mutu msanga.

Jason Dunham anabadwa pa 10 Novembala 1981, lomwe ndi tsiku lomwelonso limene ma Marines amakumbukira kukhazikitsidwa kwa gulu lawo mu 1775. Kwawo kunali ku Scio, katauni ka anthu osafika 2,000 m'chigawo cha New York, kutali kwambiri ndi mzinda wa nyumba zazitali womwe timauona pa TV uja, kumudzi ndithu. Anali wokonda masewero kusukulu, anamaliza sekondale mu 2000 nkulowa usilikali chaka chomwecho. Poyamba anali mlonda pa doko la sitima zoyenda pansi pa madzi ku Kings Bay ku Georgia, kenako anasamukira ku gulu la asilikali oyenda pansi, Kilo Company ya 3rd Battalion, 7th Marines. Pomwe amapita ku Iraq kumayambiriro kwa 2004 anali Kopolo wotsogolera kagulu ka anyamata, ndipo pali chinthu chimodzi apa chomwe ndikufuna muchigwire bwino, kontirakiti yake inali pafupi kutha moti akanatha kubwerera kwawo anzake asanamalize nthawi yawo, koma iye anasaina yowonjezera miyezi ina kuti akhale nawo mpakana onse abwerere limodzi. Palibe anamukakamiza.

Pa 14 Epulo 2004 anali ku Karabilah, pafupi ndi Husaybah m'malire a Iraq ndi Syria, chigawo cha Al Anbar. Mwezi umenewo zinthu zinali zitaipa kwambiri, ku Fallujah nkhondo inali itabuka ndipo chigawo chonsecho chinali pamoto. Dunham ndi kagulu kake anali pa ulonda pomwe anamva kuphulika ndi kulira kwa mfuti chapatali pang'ono, mdipiti wa magalimoto a mkulu wa battalion yawo unali utagwa mu msampha wa zigawenga. Anathamangira komweko, atafika pafupi anatsika m'magalimoto awo nkuyamba kuyenda wapansi, kenako anapeza magalimoto 7 a anthu aku Iraq ali pa mzere akufuna kutuluka m'deralo nde anawaimitsa kuti awaseche ngati muli zida. Pofika pa Land Cruiser ina yoyera munthu anatulukamo mwadzidzidzi nkumugwira Dunham pakhosi, awiriwo anagwetsana pansi akulimbana, anyamata awiri a mu kagulu kake, Kelly Miller ndi William Hampton, anathamangira kuti amuthandize. Mpamene Dunham anakuwa kuti ayang'ane dzanja la munthuyo. Munthu uja anali atagwetsa bomba la m'manja lija amati grenade, pini atachotsa kale.

Kuti mumvetse, bomba la mtundu umenewu likangomasulidwa limatenga masekondi 4 kapena 5 basi, ndipo limene asilikali aku America amagwiritsa ntchito limatha kupha munthu amene ali mkati mwa mamita 5, kuvulaza mpaka mamita 15. Anyamata atatuwa sanali pa mamita 5, anali pamwamba pake penipeni. Dunham anavula helemeti yake, anavundikira bombalo, iye nkugonapo ndi thupi lake lonse. Linaphulika. Miller ndi Hampton anavulala ndithu ndi tizitsulo koma anakhala ndi moyo. Munthu uja anadzuka nkuyamba kuthawa ndipo Marine wina anamuwombera nkufera pomwepo. Dunham anali chafufumimba, kachitsulo katalowa m'mutu, helemeti ija itang'ambika tizidutswa tokhatokha tomwe anzake anadzatolera pambuyo pake.

Anamunyamula pa helikopita, anadutsa m'zipatala za asilikali ku Iraq konko kuphatikizapo cha ku Baghdad komwe anamuchita opaleshoni ya m'mutu, kenako ku Landstuhl ku Germany, pomaliza ku Bethesda ku Maryland, nthawi yonseyi ali chikomokere. Makolo ake, Dan ndi Deb Dunham, anamupeza kumeneko madokotala nkuwauza kuti ubongo wawonongeka moti sadzadzukanso. Jason anali atanena kale kuti zikadzafika pamenepo asadzamusunge pa makina, nde makolowo anatsata mawu ake. Mkulu wa ma Marines onse nthawi imeneyo, General Michael Hagee, anabwera yekha kuchipatalako kudzapereka mendulo ya Purple Heart yomwe amapatsa ovulala kapena ofa pankhondo. Anamwalira pa 22 Epulo 2004 makolo ake ali pambali, masiku 8 chiphulikire bomba lija, ali ndi zaka 22.

Tsopano funso lanu loyamba, kodi uku si kudzipha. Ine ndikuti ayi, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Wodzipha amakhala kuti akufuna imfayo, ndiyo cholinga chake. Apa imfa inali itafika kale, bomba lili pansi pini itachoka, palibe akanaibwezera, chomwe chinatsala nchoti kodi litenga anthu angati, atatu kapena m'modzi. Ndiye pali nkhani ya helemeti ija yomwe kwa ine ndi umboni waukulu kuposa wina uliwonse. Masabata angapo izi zisanachitike, Dunham anali atakambirana ndi akuluakulu ake pocheza za chomwe munthu angachite bomba lotere likagwera pafupi, ndipo iye ankalimbikira kuti utalivundikira ndi helemeti nkugonapo utavala chovala choteteza pachifuwa chija, mphamvu yake ingachepe mpaka munthu kupulumuka, ena ankamutsutsa kuti nthawi singakwane. Nde tsiku lija sanangodziponya ngati munthu wosokonezeka mutu, anachita chinthu chomwe anali atachiganizira kale mofatsa, ndipo anaika helemeti patsogolo chifukwa ankafuna kukhala ndi moyo iyeyo pamodzi ndi anzake. Kuwerengera kwake kunagwira kwa awiri aja, kwa iye kunalephera. Munthu wofuna kufa sataya sekondi imodzi mwa zinayi zomwe ali nazo kuvula helemeti.

Ndipo sikuti aliyense wochita zimenezi amafa. Kyle Carpenter, Marine wina, anatchinga mnzake ku bomba lotere ku Marjah ku Afghanistan pa 21 Novembala 2010, anataya diso lakumanja, nsagwada inaphwanyika, anachitidwa maopaleshoni pafupifupi 40, koma anakhala ndi moyo nkudzalandira mendulo yake ndi manja ake mu 2014.

Chinanso chomwe chingakukhazikeni mtima pansi pang'ono nchakuti ku tireningi saphunzitsa ana kugonera mabomba. Chomwe amaphunzitsa ndi kukuwa kuti anzako amve, kudziponya pansi kutali ndi bombalo kapena kubisala kuseri kwa chinthu cholimba. Mendulo yomwe Dunham anapatsidwa, Medal of Honor, lamulo lake lomwe limati ndi ya munthu amene waika moyo wake pachiswe mopitirira zomwe ntchito yake imafuna, kutanthauza kuti akanapanda kuchita palibe akanamuimba mlandu kapena kumutcha wamantha. Nchifukwa chake ndi yosowa chonchi, chiyambire mu 1861 alandira ndi anthu pafupifupi 3,500 okha mwa anthu oposa 40 miliyoni amene agwirapo ntchito ya usilikali m'dzikomo. Dunham anali Marine woyamba kuilandira pa nkhondo yochitika itatha ya ku Vietnam.

Komanso sanangomupatsa mawa lake chifukwa choti nkhani ndiyogwira mtima. Pamafunika mboni zoona ndi maso zosachepera ziwiri zolumbira, mapu a malowo, malipoti a madokotala, mafayilo nkumakwera kuchokera kwa mkulu wa battalion mpakana kwa nduna ya zachitetezo ndi pulezidenti, ndipo paliponse angathe kuibweza. Ya Dunham inatenga pafupifupi zaka zitatu. Pulezidenti George W. Bush analengeza pa 10 Novembala 2006 potsegulira nyumba yosungira mbiri ya ma Marines pafupi ndi Quantico ku Virginia, tsiku lomwe Jason akanakwanitsa zaka 25, ndipo makolo ake anakailandira ku White House pa 11 Januwale 2007.

Kusamala kumeneku ena amakuona ngati nkhanza koma ine ndimaona kuti ndi komwe kumapangitsa ulemuwo kukhala ndi tanthauzo, ndipo pali nkhani ziwiri zomwe zimaonetsa bwino. Yoyamba ndi ya Sajeni Rafael Peralta, wobadwira ku Mexico amene analowa ma Marines atangolandira green card, chiphaso chokhalira ku America, nde ndi mlendo ngati mwana wanuyo. Anafa ku Fallujah pa 15 Novembala 2004 akusecha nyumba, anzake anachitira umboni kuti atawomberedwa m'mutu nkugwa, anakokera bomba pansi pa thupi lake. Anamusankha kuti alandire Medal of Honor koma mu 2008 nduna ya zachitetezo Robert Gates anakana chifukwa akatswiri omwe anawafunsa anakaika ngati munthu wovulala m'mutu chomwecho akanatha kuchita zimenezo akudziwa. Nduna ziwiri zotsatira zinaunikanso nkugwirizana naye, pambuyo pake ena mwa anyamata omwe analipo anasintha mawu awo pomwe ena akulimbikirabe mpaka lero kuti anaona ndi maso. Anamupatsa Navy Cross yomwe ndi yachiwiri, banja lake linakana kuilandira kwa zaka, mayi ake anadzailandira mu 2015. Ndi nkhani yowawa ndipo mayi amenewa ndimawamvera chisoni kwambiri, koma ikuonetsa kuti umboni ukagawanika mendulo yaikuluyi siituluka ngakhale anthu alire bwanji.

Yachiwiri ndi yoipa kwambiri ndipo inachitika tsiku lomwelo Dunham amamwalira. Pa 22 Epulo 2004 ku Afghanistan kunafa Pat Tillman, wosewera mpira wa ku America wotchuka amene anasiya kontirakiti ya ndalama zambiri ku timu ya Arizona Cardinals nkulowa usilikali wa Army mu 2002. Anaphedwa mwangozi ndi asilikali anzake, akuluakulu ena anadziwa msanga, koma banja ndi dziko anauzidwa kuti waphedwa ndi adani, mendulo ya Silver Star nkuperekedwa ndi nkhani yosakhala yoona, mwambo wa maliro nkuonetsedwa pa TV. Banja linadzamva zoona patadutsa masabata pafupifupi asanu ndipo mkwiyo wawo unafika mpaka ku nyumba ya malamulo mu 2007. Tillman anali wolimba mtima ndithu, sankafunika bodza kuti alemekezeke, ndipo bodzalo ndi lomwe linanyoza iyeyo ndi makolo ake. Nde mukamamva za ulemu wa msilikali wakufa, choyamba kufunsa nchoti kodi abale ake anauzidwa zoona za mmene anafera. Kwa Dunham yankho ndi eya, anthu awiri amene anawapulumutsa analipo nkufotokoza okha, ndipo zidutswa za helemeti zija zinasungidwa.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri lomwe ndati ndikugwirizana nanu kwambiri. Nkhondo ya ku Iraq inayamba mu Malichi 2003 boma la Bush ndi la Tony Blair waku Britain akunena kuti Saddam Hussein ali ndi zida zopha anthu ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo gulu lomwe iwo eni anatuma kukafufuza linabwera mu 2004 nkunena kuti nkhokwe za zida zimenezo kunalibe. Asilikali aku America pafupifupi 4,500 anafera kumeneko, anthu wamba aku Iraq amene anafa ndi oposa 100,000 ngakhale pa kuwerenga kwa osamala kwambiri, amayi, ana, okalamba, ndipo amenewa palibe mendulo kapena sitima yomwe ili ndi dzina lawo. Izi siziyenera kuiwalika tikamakamba za Dunham, ndipo ine zimandiwawa kuti dzanja lomwe linapereka mendulo kwa mayi ake ndi lomwelo linasaina kuti nkhondoyo iyambe.

Ndi zoonanso kuti maboma amagwiritsa ntchito nkhani zoterezi pokopa anthu. Si zachilendo. John Basilone, Marine amene analandira mendulo yomweyi chifukwa cha zomwe anachita ku Guadalcanal pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu Okutobala 1942, anamubweza kwawo mu 1943 nkumamuyendetsa m'mizinda kuti anthu abwereke boma ndalama zoyendetsera nkhondo, iye mwini anatopa nazo nkupempha kubwerera kwa anzake ndipo anafa tsiku loyamba la nkhondo ya ku Iwo Jima pa 19 Febuluwale 1945. Nde mukamakaika simukulakwa.

Koma pomwe ndikusiyana nanu mpakuti mukuika mlandu wa oyambitsa nkhondo pamutu pa Kopolo wa zaka 22. Kopolo sasankha nkhondo. Sakhala nawo pa tebulo pomwe akuluakulu akugwirizana zokamenya dziko lina, iye amapatsidwa anyamata khumi ndi angapo nkuuzidwa kuti awa ndi ako, ndipo chomwe chili m'manja mwake ndi chimenecho basi, kuti kodi awasamala bwanji. Dunham pa masekondi aja sankaganiza za Saddam kapena mafuta kapena mavoti a Bush, amene anali m'maso mwake ndi Miller ndi Hampton, anyamata omwe ankadya nawo, kugona nawo malo amodzi, ndipo wina mwa iwo anali wamng'ono kwa iye pa udindo ndi pa zaka zomwe. Aliyense amene wacheza ndi asilikali obwera ku nkhondo, kaya aku America kaya athu omwe anapita ku Congo, amva zomwezi, kuti zikavuta umamenyera amene ali pambali pako. Munthu angathe kudana ndi nkhondo ya ku Iraq ndi mtima wake wonse, kufuna kuti oiyambitsa ayankhepo, nkuvulabe chipewa pa dzina la Jason Dunham, ziwirizi sizitsutsana. Kunena kuti imfa yake inali yopanda pake chifukwa nkhondoyo inali yolakwika ndiye kuti tikuuza anthu awiri aja kuti moyo wawo ndi wopanda pake.

Ndipo mukaona mmene anzake amalemekezera mnzawo wakufa muona kuti zambiri sizikhudza boma nkomwe. Ku malo ankhondo konko amazika mfuti chozondotsa, nsapato zake patsogolo, helemeti pamwamba, tizitsulo ta dzina lake tija amavala m'khosi nkupachika pa mfutiyo, kenako mkulu wa gulu amaitana maina monga amachitira m'mawa uliwonse, aliyense nkumavomera, akafika pa dzina la womwalirayo amaliitana katatu osayankhidwa. Anyamata amabwera m'modzi m'modzi kudzagwada pamenepo. Palibe wandale. Akafera kutali, thupi limafikira ku Dover ku Delaware ndipo pamakhala msilikali woliperekeza mpaka kwawo osalisiya lokha, uthenga kwa abale amakapereka pamaso asilikali ovala yunifomu, osati pafoni. Kumanda amawomba mfuti katatu, lipenga nkulira, mbendera yomwe inafunda bokosi nkuipinda mwa makona atatu kupereka kwa mayi kapena mkazi wake. Dunham anaikidwa kwawo ku Scio.

Zikuluzikulu zinadza pambuyo. Positi ofesi ya ku Scio ili ndi dzina lake, nyumba yogona asilikali ku Kings Bay komwe anayambira ntchito chimodzimodzi, ndiye pali sitima yankhondo ya USS Jason Dunham yomwe inamangidwa ku Bath ku Maine, mayi ake ndi amene anaipatsa dzina pa mwambo wa pa 1 Ogasiti 2009 ndipo inayamba ntchito pa 13 Novembala 2010, kachidutswa ka helemeti ija anakatsekera mu mlongoti wa sitimayo. Peralta nayenso ilipo sitima ya dzina lake yomwe inayamba ntchito mu 2017. Zonsezi sizibweza mwana wa munthu, ndipo sindikukhulupirira kuti kuli mayi amene angasinthanitse mwana ndi sitima, koma zimaumiriza dziko kuti lizitchulabe dzinalo, ndipo dziko lomwe likutchula maina a ana omwe linawatuma kukafa limavutika kunamizira kuti nkhondo inali yotchipa.

Ife a Malawi nkhani ngati imeneyi tili nayo yathu, nde tisamaione ngati ya azungu okha. Mu Novembala 2018 kum'mawa kwa Congo, dera la Beni, asilikali a Malawi ndi Tanzania a pansi pa United Nations ankalimbana ndi zigawenga za ADF. Msilikali wathu Chancy Chitete anaona Kopolo waku Tanzania, Ali Khamis Omary, atawomberedwa ali pambalambanda zipolopolo zikugwa, anachoka pomwe anabisala nkumukokera pa malo otetezeka, ndipo ali mkati momuthandiza iyenso anawomberedwa nkumwalira. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations António Guterres anapereka kwa mkazi wake ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa osungitsa mtendere, ndipo Chitete anali woyamba kuilandira kupatula banja la mwini dzinalo. Sanali wa mtundu wake Omary, sanali wa dziko lake, koma anachita zomwezo anachita Dunham. Ndikufunsani moona mtima bambo, kodi Chitete tingati anadzipha? Ndipo ndi angati mwa ife amene ana athu amalidziwa dzina limeneli mmene mwana wa achemwali anu akulidziwira la Dunham? Tili ndi chipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba, tili ndi cha ku Area 18 ku Lilongwe, Novembala aliyense akuluakulu amakaikako nkhata za maluwa, koma mwambo ukatha nkhani za anthuwa sizilowa m'makalasi kapena m'macheza athu, ndipo pamenepa aku America akutiposa. Mukamacheza naye mnyamatayo muuzeni za Chitete, adziwe kuti kwawonso kuli anthu otere.

Pa zomwe mungachite monga malume, musamunyoze Dunham pamaso pake, mukatero adzangotseka khomo nkusiya kukuuzani zinthu. Mufunseni kuti chomwe chimamugwira mtima pa nkhaniyi nchani. Akanena kuti akufuna adzafe ngati ngwazi, pamenepo mukhale naye pansi, mumukumbutse za helemeti ija, kuti Dunham ankafuna kubwerera ku Scio ndipo anasaina miyezi yowonjezera kuti anyamata ake onse abwerere amoyo, nde chomutsanzira ndi kusamala anzake tsiku ndi tsiku, kudziwa ntchito yake bwino, kukhala wodalirika, zomwe Dunham anachita zaka zinayi tsiku limodzi lija lisanafike. Koma ngati mukumva mawu ofuna imfa mobwerezabwereza, kapena akuoneka wotaya mtima, musazitenge ngati zachinyamata, muuzeni mayi ake msanga ndipo iye akaonane ndi abusa a asilikali kapena achipatala omwe ali pa kampu iliyonse.

Chomaliza ndi cha mapepala, ndipo ndikudziwa kuti kwathu kukamba zimenezi ena amati ndi kuitana tsoka koma ndi udindo wanu inuyo. Msilikali aliyense waku America amadzaza fomu yotchedwa DD Form 93 pomwe amalemba abale oti adziwitsidwe chikachitika china, amene adzalandire ndalama ya chipepeso yomwe pano ndi madola 100,000, komanso amene adzalamule za komwe thupi likaikidwe. Palinso inshuwalansi ya asilikali yotchedwa SGLI yomwe imafika madola 500,000 ndipo imapita kwa amene iye mwini walemba, osati amene banja likuganiza kuti ndi woyenera. Mufunseni ngati anadzaza bwino, ngati manambala ndi ma adilesi ali olondola makamaka a abale amene ali kuno kumudzi, ndipo ngati mayi ake akudziwa zomwe analemba. Mufunsenso ngati analemba zofuna zake akadzavulala mpaka kufika pa makina monga anachitira Dunham, chifukwa makolo aja pa tsiku lovuta kwambiri pa moyo wawo sanakangane kapena kuganizira okha, mwana wawo anali atawauza kale. Akadzakwatira kapena kukhala ndi mwana mudzamukumbutse kuti akasinthe mafomuwo, ambiri amaiwala.